Chiphaphapha Changa ndi Katundu wa Amalume

Galimoto yanga yoyamba ndinagula kwa mkulu wina wa ku Pretoria West amene ankasungiramo nkhuku. Sindikunama ayi. Tsiku limene ndinapita kukaiona, mkuluyo anayamba watulutsa thadzi ndi anapiye ake pampando wakumbuyo, kenako n'kundiuza nkhope ili gwaa kuti injini ilibe vuto, yangotopa ndi kukhala. Inali galimoto yaitali, ya zitseko zisanu, yotsegula kumbuyo, penti wake woyera atasanduka mtundu wa phala la mgaiwa. Ndinaikonda pomwepo, fungo la zitosi ndi zonse.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi kanyumba ka kuseri ku Capital Park, pabwalo la gogo wina wachibunu amene amuna ake anamwalira kale. Akazi anga ataona ndikulowa pageti, utsi uli tolotolo kumbuyo, anatsamira chitseko n'kupinda manja.

"Bambo, mwagula, kapena akutumani kuti mukawatayire?"

Anzanga a kuntchito ankaitcha sikorokoro, monga amanenera kuno. Ife a kwathu tinkangoti chiphaphapha. Lero ndili ndi galimoto ina, yatsopanoko, imene ukatsegula boneti umangoona chivundikiro chapulasitiki, osadziwa n'komwe poika sipanala. Imayenda bwino, sindikana, koma sindiidziwa. Chiphaphapha chija ndinkachidziwa bauti iliyonse, ndipo ndikachikumbukira mtima umandiwawa. Makamaka ndimakumbukira sabata imene chinayenera kufikitsa amalume anga pa basi ya kwathu, kuti akapeze akazi awo akadali moyo.

Amalume amenewa anali achimwene awo a mayi anga. Anagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Irene zaka zambirimbiri, ndipo ine nditafika ku Joni ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zong'ambika, ndi iwo amene anandilandira. Ndinagona pansi m'kachipinda kawo ka kuseri kwa garaja mpaka nditapeza ntchito. Sanandiwerengere mkate ngakhale tsiku limodzi. Akazi awo, amene ife timawatcha azakhali, anatsala kumudzi ku Balaka nthawi yonseyo, ndipo chaka chimenecho anali atadwala kuyambira nyengo ya mvula. Kenako mwana wawo wamkazi anaimba foni kuti kuchipatala awabweza, asiya kudya, ndipo ngati abambo akufuna kuwapeza abwere msanga.

Amalume anatsanzika kwa abwana awo, osati tchuthi ayi, kutsanzikiratu. Malo anawapeza m'basi ya Loweruka m'mawa, yonyamukira ku Joburg. Mabasi ena onse a masiku amenewo anali odzaza, ndipo kuiphonya imeneyo kunali kudikira sabata ina. Tonse tinkadziwa kuti azakhali sabata ina analibe.

"Mphwanga," anandifunsa pafoni, mawu awo ali pansipansi, "galimoto yako ija ingafike ku Joburg?"

Abale inu, zinandinyansa. "Amalume, mukuinyoza? Imeneyi ingafike ndi ku Balaka komwe!"

Nditadula foni ndinatuluka panja n'kukaiyang'ana, ndipo kunena zoona mantha anandigwira. Kutali kwenikweni kumene inali itafikako kunali ku Olievenhoutbosch, kutchalitchi, ndipo nakonso inkafika ikupuma wefuwefu.

Ine si makaniko wa kusukulu. Bambo anga ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Phalula, ndipo ndinakula ndikuwapatsira masipanala. Njinga ndi galimoto n'zosiyana, inde, koma chimene ndinaphunzira kwa iwo n'chakuti chinthu chomangidwa ndi munthu chimamasuka, ndipo ukamasula uziyala zitsulo pansi motsatana kuti pobwezera usasokoneze. Zina ndinaphunzira pa mavidiyo a pafoni, manja ali bii ndi girizi, foni nditaitsamiritsa pa batire. Loweruka lililonse ndinkayala katoni pansi pa mtengo wa jakaranda umene unali pabwalopo, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Nyengo ya maluwa, timaluwa take tofiirira tinkagwera mu injini, m'tiyi, ngakhale m'makutu. Wailesi inkalira pawindo, akazi anga akuchapa, mwana wathu akugona, ine ndikutukwana bauti yochita dzimbiri. Masiku amenewo ndinkaganiza kuti ndikuvutika. Lero ndimawasirira.

Zipangizo ndinkakazitenga kusikirapu. Kumeneko umalowa ndi masipanala ako m'thumba, n'kuyenda pakati pa magalimoto akufa mpaka utapeza mbale wake wa yako, kenako umasula wekha chimene ukufuna. Ndipo chimene sichinapezeke kusikirapu, malegeni ankamaliza. Ndinkapempha machubu akale kwa omata matayala n'kuwadula mizeremizere, monga timachitira kwathu pomanga thumba la makala pa njinga. Ekizozi inkalendewera pa malegeni. Batire inagwidwa ndi malegeni. Mnzanga wina wachizulu atasuzumira mu injini tsiku lina anangoti, "Eish, madala, iyi ndi galimoto kapena legeni yoponyera mbalame?"

Ndiye sabata imeneyo ndinapempha kuti ndiziweruka msanga, n'kuyamba kuichiza matenda ake onse amene ndinkawadziwa. Choyamba chinali kuwira. Ikakwera mtunda pang'ono, singano ya kutentha inkathamangira kofiira. Ndinatsitsa radiyeta, ndinaitsuka ndi paipi ya madzi mpaka matope a dzimbiri atasiya kutuluka, ndinasintha mapaipi awiri amene anali atafewa, ndi pampu ya madzi yomwe. Mapulagi ndinawapala. Kabuleta ndinaimasula yonse patebulo lodyera, ndipo akazi anga anandiuza kuti ndikadzabwerezanso ndidzadya petulo yemweyo.

Mabuleki ndiye ankafuna anthu awiri. Ine kunsi ndi kabotolo, akazi anga pampando wa dalaivala.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani pomwepo!"

"Ndagwira."

"Mwasiya inu! Ndamva mpweya walowa!"

"Ndiye bwerani mudzaponde nokha, ine ndilowe kunsiko. Mwendo wanga si wachitsulo."

Sitata nayo inali ndi khalidwe lake. Masiku ena ukapotoza kiyi inkangoti kete, basi. Mankhwala ake anali hamala imene tinkasunga pansi pa mpando: wina apotoze kiyi, wina aigogode. Anthu a mumsewu mwathu anazolowera kuona akazi anga Lamlungu m'mawa, atavala yunifomu yoyera ya amayi a kutchalitchi, atawerama mu injini ndi hamala. Sabata imeneyo ndinaimasula sitatayo n'kuisintha timakala take ta m'kati todutsitsa magetsi, ndipo inayamba kulira kamodzi n'kamodzi. Akazi anga anati akusowa ntchito tsopano.

Gogo mwini bwalo ankadana ndi madontho a oyilo pa simenti yake. Ankatuluka ndi ndodo yake n'kuloza pansi akudandaula m'Chibunu, "Ag nee man!" Koma atamva chifukwa chimene ndinkagonera kunsi kwa galimoto madzulo aliwonse, anatsegula garaja imene sankatsegulira munthu, n'kundibwereka jeke yaikulu ya malemu amuna ake. Sananene zambiri, anangoti ndidzabweze yopukuta.

Kumbuyo ndinayang'anako ndithu. Masipuling'i ake anali aja a zitsulo zosanjikiza, otopa, koma katundu amene ndinkamudziwa akanamunyamula bwinobwino. Lachisanu madzulo ndinapita ku Irene kukatenga amalume, ndipo katundu wawo anali masutikesi awiri, chikwama chimodzi cha mizeremizere, ndi bedi. Linali bedi la matabwa olemera, miyendo yake yonenepa yomangidwa ndi mabauti, pamodzi ndi matiresi ake okhuthala akadali m'pulasitiki. Analigula kwa azungu ena osamuka atangomva kuti matenda akula.

"Azakhali ako agona pamphasa moyo wawo wonse," anatero tikulikweza padenga la galimoto. "Ine ndakhala ndikuthirira maluwa a anthu kuno, iwo nthiti zili pansi. Akadwalireko pabedi."

Tinalimanga ndi chingwe ndi malegeni, ndipo ndinakawasiya ku Olievenhoutbosch kwa mkulu wa mpingo, kumene anthu anakonza mapemphero owatsanzika. Ine ndinabwerera kunyumba bedi lili padenga, mtima uli m'malo. Injini inkalira mokoma moti ndinazimitsa wailesi kuti ndiziimvera.

Chimene sindinawerengere ndi ife eni ake, Amalawi. Kuno munthu akangoti akupita kumudzi, nkhani imathamanga kuposa moto wa m'tchire. Loweruka m'mawa, ine ndi akazi anga titakhota kulowa m'kanjira ka kwa mkulu wa mpingo uja, tinapeza anthu ali mbwee pageti, aliyense ndi chake m'manja kapena pamutu. Ndipo aliyense amayamba ndi mawu amodzimodzi.

"Abambo, ndi kakatundu kakang'ono chabe."

Kakatundu kakang'ono! Wina anabwera ndi batire ya sola imene anyamata awiri ankathandizana kunyamula. Wina ndowa za penti. Mayi wina makina osokera, aja achitsulo, ndi miyendo yake yomwe. Panali zigubu za mafuta ophikira, makatoni a sopo, mabulangete, mapoto olowetsana, mpope wothirira mbewu. Mtsikana wina wogwira ntchito ya m'nyumba anagwada n'kupereka kaphukusi ka mankhwala a shuga a mayi ake, ndipo bambo wina anapereka nsapato za sukulu atazikulunga m'nyuzipepala. Amalume anaima pakati, chipewa chili kumutu, akulandira chilichonse ndi manja awiri. Mwini katundu akatchula kumene kukatsikire, iwo ankabwereza: uyu pa Mwanza, uyu pa Zalewa, uyu adzatenga mlongo wake pa Balaka. Sanakane ngakhale mmodzi.

Ine magazi anawira. "Amalume, iyi si lole!"

Akazi anga ananditsina pamkono. "Musawachititse manyazi pagulu. Anthuwa abwera ndi ulemu."

"Ulemu umenewu ukwera pa masipuling'i anga!"

Koma ndani akanandimvera? Anthu omwewo ankalongedza okha, akuseka, akundiyamikira kuti Achimwene muli ndi galimoto yabwino, yotakasuka. Tinagwetsa theka la mpando wakumbuyo, tinadzaza mpaka kudenga, zina pamwamba pa matiresi. Akazi anga anadzipanikiza pakona atanyamula makina osokera pamiyendo. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndiione, galimoto inali itakhala pansi ngati thadzi lofungatira mazira, mphuno ili m'mwamba. Anaimba nyimbo imodzi, mkulu wa mpingo anapemphera pemphero lalitali ndithu, ine diso lili pa dzuwa, ndipo tinanyamuka.

Mahampu a mu Olieven tinawadutsa chammbali, pang'onopang'ono, ekizozi ikukhula pansi. Titalowa mumsewu waukulu wolowera ku Joburg ndinayamba kupuma. Singano ya kutentha inali pakati, injini ikukoka bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kuyamba kudzitama. Sitinapite patali. Panali dzenje limene ndinaliona mochedwa chifukwa cha minibasi imene inali patsogolo, ndipo tayala lakumbuyo la kumanzere linalowamo lonse. Tinamva phwaa! Galimoto inapendekeka, kenako kunayamba kulira kwa tayala likukhula bodi, ndi fungo la mphira wopserera.

Ndinaimika pambali, ndinagona pansi pafumbi n'kusuzumira. Chitsulo chachikulu cha sipuling'i chinali chitathyoka pakati, ndipo bodi yonse inali itakhalira tayala. Mayo ine! Sabata yonse ndinathera kutsogolo, ndipo imfa inadzera kumbuyo.

Ndinaimbira mnzanga wina wa bakkie, kagalimoto konyamula katundu kaja, koma anali ku Mamelodi atanyamula mipando ya pamaliro. Wina sanayankhe. Minibasi ziwiri zinaima, madalaivala anayang'ana phiri la katundu lija n'kupukusa mitu, ulendo. Ndinauza amalume kuti akwere minibasi okha ndi sutikesi imodzi, zotsalazo tidzaona. Anapukusa mutu. Nthawi yomweyo foni yawo inalira, ndipo poti ankaika mokweza chifukwa cha makutu, tonse tinamva mawu a mwana wawo.

"Ababa, mwakwera? Amayi akufunsa."

"Ndili m'njira, mwanawe. Uwauze ndili m'njira."

Atadula, ine ndinali nditaganiza kale. Kwathu lole ikathyoka sipuling'i kutchire, amaikweza pa jeke n'kulowetsa chipika cha mtengo pakati pa ekiselo ndi chasisi, kuti bodi ikhalire mtengowo m'malo mwa tayala. Ndinaonapo bambo anga akuthandiza dalaivala wina kuchita zimenezo. Zikanatheka, koma pokhapokha titapepuza galimoto.

"Amalume, titsitse katundu wa anthuyu. Mabatire, penti, makina, zonse. Akazi angawa atsala nazo pano, ine pobwera ndikabweza khomo ndi khomo. Inu mupite ndi zanu."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Basi ikunyamuka!"

"Ndinalandira ndi manja anga, mphwanga."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni, ndipo ndinawakalipira amalume anga pamsewu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinati anthu amenewa alibe chisoni, amva kuti munthu akuthamangira matenda iwo n'kuona lole yaulere. Ndinati penti angadikire, sopo angadikire, koma azakhali sadikira. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Akazi anga ankangoti, "Bambo, bambo, anthu akuona."

Amalume anadikira mpaka nditatha mpweya.

"Mankhwala amene azakhali ako akhala akumwa chaka chonsechi, unkawapititsa ndiwe?"

Sanadikire yankho langa.

"Ankapita m'zikwama za anthu omwewa. Ena sindinkawadziwa n'komwe maina. Palibe anawasiya pamsewu." Anavula chipewa n'kupukuta thukuta. "Cholemera kwambiri pano n'changa. Tsitsa bedi."

"Amalume..."

"Tsitsa bedi, nthawi ikutha."

Tinamasula malegeni. Tinatsitsa matiresi, kenako bedi, n'kuliimika pa udzu wopserera wa m'mbali mwa msewu. Anatsitsanso sutikesi yawo imodzi, yolemera, ya zitsulo zawo za m'munda. Ine ndinatulutsa tayala lapadera ndi bokosi la masipanala, n'kutsala ndi ochepa m'thumba. Jeke ya gogo ija inakweza galimoto bwinobwino, koma chipika panalibe. Ndinathamanga uku ndi uku m'tchire lija, ndipo munali mabotolo, mapepala, njerwa zoswekasweka, popanda mtengo woposa chala changa. Pobwerera ndinapeza amalume atanjuta pafupi ndi bedi, akuyeza mwendo wake ndi chikhatho.

"Uwu sungakwane?"

Unakwana ngati anachita kuupalira ntchito imeneyo. Ndinamasula mabauti ake, amalume atagwira bedi kuti lisagwe. Ndinaugoneka pamwamba pa ekiselo, ndinaukulunga ndi malegeni onse amene anamanga bedi lija, ndinawonjeza waya, ndipo sipuling'i yothyokayo ndinaimanganso kuti ekiselo isathawire kumbuyo. Nditatsitsa jeke pang'onopang'ono, mtengo unalira, unalira, kenako unagwira. Pakati pa tayala ndi bodi panatsala mpata wolowa zala zanga.

Akazi anga anayenera kutsala, kuti alondere katundu komanso kuti galimoto ipepukeko. Anagwada pafumbi pomwepo n'kugwira dzanja la amalume.

"Muyende bwino, Abambo. Mukawapatse moni Amayi. Mukawauze kuti tikuwapempherera."

Amalume anangogwedeza mutu. Asanakwere anapita pa matiresi paja, anakanikiza ndi chikhatho kamodzi, n'kubwerera.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Galimoto yopanda sipuling'i mbali imodzi imamva mwala uliwonse, ndipo mwala uliwonse unkandilowa m'mano. Ndinayatsa magetsi ochenjeza n'kumamatira kumanzere, liwiro la njinga yamoto yotopa. Msewu waukulu wa magalimoto othamanga ndinaupewa, ndinadzera misewu ya m'mbali, ya maloboti ambirimbiri. Kumbuyo kwathu mahutala ankalira, ena potidutsa ankatulutsa mitu n'kutukwana m'zilankhulo zonse za dziko lino. Pa mtunda wina wautali singano inayamba kukwera, ndipo ndinatsegula hita mpaka kumapeto kuti ikoke kutentha kwa injini, ife tikupsa m'katimo ngati mbatata. Ndinkayankhula nayo galimotoyo mokweza, osachita manyazi. "Tiye mayi, tiye. Ukafika ndikugulira oyilo watsopano. Usandichititse manyazi lero." Amalume anakhala chipewa chili pamaondo, makina osokera ali pakati pa miyendo, maso ali kutsogolo.

Ndakhala ndikudandaula zaka zonse kuti mabasi a kwathu sanyamuka pa nthawi yake. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha khalidwe lomwelo. Titakhota kulowa pamalo okwerera, basi inali italira kale, anthu atakhala m'mipando, anyamata olongedza akukoka lona pa ngolo ya katundu. Ndinaimika chiphaphapha kutsogolo kwa basiyo, mphuno ndi mphuno, kuti ingayerekeze kuchoka. Dalaivala analiza hutala, ine ndinatuluka n'kukweza manja onse awiri.

"Achimwene, pepani! Matenda! Bambowa akuthamangira matenda!"

Olongedza anadandaula, koma anamasula lona. Apaulendo ena anatsika n'kuthandiza, ndipo katundu yense uja anadutsa pa sikelo n'kulowa, batire, penti, makina, mpope. Kaphukusi ka mankhwala a shuga amalume anakaika m'thumba la jekete. Kutsanzikana kwathu kunali kwachidule, moti mpaka lero ndimamva kuti sikunakwane. Anandigwira dzanja, lakuda ndi girizi choncho, n'kuligwedeza. Kenako anapita pa galimoto, anaisisita pa boneti yotenthayo, n'kukwera basi. Ndinaima pomwepo mpaka inakhota pakona.

Pobwerera ndinapeza akazi anga atakhala pa matiresi m'mbali mwa msewu, ambulera ili pamutu, ngati mwini sitolo. Anati anthu angapo anaima kufunsa mtengo wa bedi, ndipo wina anadandaula kuti bwanji lili ndi miyendo itatu. Tinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya. Tinakweza zonse n'kubwerera ku Capital Park pang'onopang'ono. Bedi tinaliimika m'garaja ya gogo, titagwirizana kuti tilitumiza ndi munthu woyamba wopita kumudzi, ndikangobwezera mwendo wake.

Masiku otsatira foni ya amalume sinkapezeka, monga zimakhalira munthu akadutsa malire. Ine ndinapita kusikirapu, ndinapeza masipuling'i awiri abwino, ndipo madzulo ena nditaweruka ndinayala katoni pansi pa jakaranda n'kuyamba ntchito. Ndinali nditangodula malegeni n'kusolola mwendo wa bedi uja, utaphwanyika mbali imodzi, chitsulo chitadindamo mzere wakuya, pamene akazi anga anabwera akuthamanga ndi foni. Anagwada n'kundiikira pakhutu ndili chigonere kunsi komweko.

"Mphwanga, ndinafika."

"Amalume! Mwayenda bwanji? Azakhali ali bwanji?"

"Katundu wa anthu yense anafika. Uwauze. Wa mankhwala uja mlongo wake anadikira pa Balaka, ndinamupatsa m'manja."

"Ndiwauza. Nanga azakhali?"

Ndinkamva nkhuku ndi mawu a anthu ambiri kumbuyo kwawo.

"Ndinawapeza. Anandizindikira, mphwanga. Nditangolowa anatsegula maso n'kunena kuti, mwabwera? Ndinakhala nawo tsiku lonse, anamwako ndi phala pang'ono m'manja mwanga. Anandifunsa mwanthabwala kuti a ku Joni mwatitengera chiyani. Ndinati ndakugulirani bedi, lili m'njira. Anaseka. Anati likafika mundidzutse."

Akazi anga nawonso anali atamva.

"Atisiya dzulo m'mawa. Tikuika mawa." Amalume anapuma mozama. "Galimoto ija inagwira ntchito, usaigulitse msanga. Koma bedi lija usatumize, mphwanga. Mupatse wina amene akulifuna. Ine sindingagonepo."